Moyo wa Anthu a ku Britain Akasamukira Kunja: Zomwe Zimasintha ndi Zomwe Zimakanirira

Kuno kwathu nkhani ya kusamuka timaidziwira mbali imodzi. Wachibale wapeza ntchito ya unamwino ku Manchester, mwana wa mnansi wapita kukaphunzira ku Glasgow, ndipo timamva za kuzizira, kukwera mtengo kwa nyumba ndi kusowa ufa wa nsima. Koma nalonso dziko la Britain anthu ake amachokamo mwaunyinji. Mu 2006 bungwe lofufuza la Institute for Public Policy Research linayerekeza kuti anthu a ku Britain okwana 5.5 miliyoni ankakhala kunja, kutanthauza pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse. Ku Australia kokha kunali 1.3 miliyoni, ndipo Spain, United States ndi Canada ndiwo ankatsatira.

Munthu wotere akafika m'dziko la eni, kadyedwe, kagwiridwe ka ntchito, kalankhulidwe ndi kachezedwe kake zimasintha motani? N'chiyani chimayamba kusintha, n'chiyani chimakanirira mpaka ukalamba, ndipo chimachititsa kusiyanaku n'chiyani?

Osamukawo ndi ndani?

Manyuzipepala a ku Britain amakonda kujambula nkhalamba yopuma pantchito ikuwothera dzuwa m'mbali mwa nyanja ku Spain. Chithunzi chimenechi n'choona, koma si chokwanira. Ofesi yoona za kalembera ku Britain inapeza kuti kumayambiriro kwa 2017 mzika za dzikolo pafupifupi 785,000 zinkakhala m'mayiko a mgwirizano wa European Union, osawerengera Ireland, ndipo awiri mwa atatu alionse anali a zaka zapakati pa 15 ndi 64. Ambiri tsono ndi anthu ogwira ntchito, ochita bizinesi ndi ophunzira.

Tingawagawe m'magulu angapo. Pali opuma pantchito omwe amatsata nyengo yofunda ndi moyo wotchipa. Pali mabanja achinyamata omwe amasamukira ku Australia, New Zealand kapena Canada kuti akakhazikike. Pali madokotala, anamwino, aphunzitsi ndi mainjiniya omwe luso lawo likufunidwa kunja. Pali ogwira ntchito za kontirakiti ku Dubai, Qatar kapena Singapore, omwe amadziwa kuti tsiku lina adzanyamuka. Palinso omwe anatsatira mwamuna kapena mkazi kwawo. Ndipo si onse azungu: mzika zambiri za Britain zimene makolo awo anachokera ku Caribbean, India, Pakistan kapena ku Africa nazonso zimasamuka, ndipo mmene zimalandiridwira nthawi zambiri zimasiyana ndi anzawo oyera khungu.

Kugawa kumeneku n'kofunika chifukwa kusintha kwa moyo kumadalira kwambiri gulu limene munthu alimo kuposa dziko limene wapitako. Mphunzitsi wa zaka 30 wokhala ku Madrid ndi nkhalamba ya zaka 70 yokhala ku Torrevieja onse ali ku Spain, koma masiku awo safanana m'pang'ono pomwe.

Mbiri ya kusamukaku

Kusamuka kwa anthu a ku Britain kunayenda limodzi ndi ufumu wawo wa atsamunda. Sitima ya Mayflower inafika ku America mu 1620. Sitima zoyamba zonyamula akaidi zinafika ku Australia mu 1788, ndipo pofika 1868 akaidi oposa 160,000 anali atatumizidwa kumeneko. Mu 1922 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Empire Settlement Act, lolola boma kuthandiza anthu ndi ndalama kuti akakhazikike m'mayiko a ufumuwo. Osamuka a nthawi imeneyo sankapita kukaphunzira makhalidwe a eni nthaka. Ankanyamula malamulo, matchalitchi, masukulu ndi masewera awo n'kukazikhazikitsa kumene afika.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la Australia linkafuna anthu ogwira ntchito, ndipo linayambitsa ndondomeko yoti munthu wamkulu azilipira mapaundi 10 okha paulendo wapanyanja, ana ulere. Kuyambira 1945 mpaka 1982 anthu oposa 1 miliyoni anayenda mwa njirayi, ndipo amadziwika ndi dzina loti Ten Pound Poms. Wobwerera zaka ziwiri zisanathe ankayenera kubweza ndalama za ulendowo. Ambiri ankafikira m'makampu a nyumba za malata zomwe kale zinali za asilikali. Julia Gillard, yemwe anadzakhala nduna yaikulu ya Australia mu 2010, anabadwira ku Barry m'dziko la Wales ndipo anapita ku Adelaide ndi makolo ake mu 1966.

Gawo lachitatu la kusamukaku linadza ndi ndege zotchipa ndi umodzi wa mayiko a ku Ulaya. Britain inalowa mgwirizanowo mu 1973, Spain mu 1986, ndipo pangano la Maastricht la 1992 linalimbitsa ufulu woti mzika ya dziko limodzi ikakhale m'dziko lina popanda chiphaso chapadera. Munthu ankatha kugulitsa nyumba yaing'ono ku England n'kugula yaikulu yokhala ndi munda ku France, ndalama zina n'kutsalako. Buku la Peter Mayle la 1989, A Year in Provence, ndi mapulogalamu a pa wailesi yakanema oonetsa nyumba za kunja, zinakulitsa chilakolako chimenechi. Ufuluwo unatha pa 31 December 2020, Britain itatuluka mu mgwirizanowo, kutuluka kumene kumatchedwa Brexit.

Zoyamba kusintha: wotchi ndi nyengo

Chizolowezi chimene chimagonja msanga ndi nthawi, chifukwa munthu sangaisunge yekha. Ku Britain ambiri amadya kachakudya kopepuka masana, nthawi zina ali pa desiki, ndipo chakudya chenicheni amadya cha m'ma 6 kapena 7 madzulo. Ku Spain chakudya chachikulu ndi cha m'ma 2 masana, ndipo chamadzulo chimayamba 9 koloko kapena kupitirira. Masitolo ang'onoang'ono ambiri amatseka masana n'kutsegulanso cha m'ma 5. Chifukwa chimodzi n'choti mu 1940 boma la Francisco Franco linasunthira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi, kotero nthawi ya pa wotchi ku Spain imathamangira kutsogolo kwa dzuwa. Mlendo wofuna kudya 6 koloko amapeza khitchini ya lesitilanti isanayambe ntchito, pokhapokha akhale m'dera la alendo okhaokha.

Ku Germany masitolo ambiri satsegula Lamulungu, ndipo kutchetcha kapinga ndi makina tsiku limenelo kukhoza kukudanitsa ndi anansi. Ku United Arab Emirates masiku opuma anali Lachisanu ndi Loweruka mpaka January 2022, pamene boma linasinthira ku Loweruka ndi Lamulungu. Ku Australia chaka cha sukulu chimayamba kumapeto kwa January n'kutha mu December, pamene ku England chimayamba mu September.

Nyengo nayo simanyengerera. Ku Australia ndi ku New Zealand khansa yapakhungu ndi yochuluka kuposa kwina kulikonse, ndipo kuyambira 1981 kwakhala kampeni yophunzitsa anthu kuvala malaya, kudzola mafuta oteteza ku dzuwa ndi kuvala chipewa. M'masukulu ambiri a pulayimale mwana wopanda chipewa saloledwa kusewera pabwalo nthawi yotentha. Kholo lochokera ku Leeds, lomwe linazolowera kuthamangira panja dzuwa likangowala, limaphunzira kulithawa. Limaphunziranso kuti Khirisimasi imagwa m'nyengo yotentha, ndipo mabanja ambiri amasiya nkhukundembo yowotcha n'kuyamba kudya nsomba, nyama yozizira ndi zipatso panja. Ena amakonza phwando lina mu July, nyengo ikazizira, kuti adye chakudya cha kwawo. Chodabwitsa kwa ambiri n'choti nyumba za ku Sydney kapena ku Málaga zinamangidwa kuti zizithamangitsa kutentha, choncho m'miyezi yozizira m'nyumba mumazizira kuposa momwe ankazizidwira ku Britain, komwe pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mapaipi otenthetsa.

Mapepala, chipatala ndi ndalama

Ku Britain kulibe chitupa cha unzika chokakamiza, ndipo munthu akasamuka mudzi sapita kukalembetsa ku khonsolo ngati mmene zilili m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Ku Germany wobwera kumene ayenera kulembetsa kumene akukhala pasanathe masiku 14. Ku Spain pamafunika nambala ya mlendo yotchedwa NIE kuti ugule nyumba kapena galimoto, komanso kulembetsa m'kaundula wa khonsolo wotchedwa padrón. Ambiri amalemba ganyu munthu wodziwa za maofesi, gestor, kuti aziwayendetsera mapepala. Kwa munthu amene sanayambe wadzionapo ngati mlendo, kuima pamzere ndi mulu wa mafotokope kumakhala phunziro loyamba la kudzichepetsa.

Nkhani ya chipatala ndi yaikulu kuposa pamenepo. Thandizo laulere la National Health Service limatsata kumene munthu akukhala, osati pasipoti yake. Wosamukiratu amataya ufulu wa chithandizo chambiri chaulere, ngakhale analipira msonkho kwa zaka 40. Ku United States ambiri amadalira inshulansi ya kuntchito, ndiye kuti kuchotsedwa ntchito kumakhudzanso mankhwala a banja lonse. Opuma pantchito a m'mayiko a European Union ali ndi mwayi wa fomu ya S1, imene imachititsa kuti Britain izilipira chithandizo chawo m'dziko limene akukhala.

Pa ntchito, lamulo la Britain limapereka masiku 28 a tchuthi cholipidwa pachaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata. Ku United States kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza tchuthi cholipidwa. Ku France kuli masabata asanu. Ku Dubai kulibe msonkho wa pa malipiro, koma ufulu wokhala m'dzikomo kwa ambiri umamangiriridwa ku ntchito, ndipo sukulu ya ana ndi yolipira. Mabanja ambiri kumeneko amayamba kulemba antchito apakhomo, chinthu chimene kwawo sakanachikwanitsa.

Penshoni ya boma ndi pamene pali dandaulo lakale kwambiri. Wokhala ku Britain, ku European Union kapena ku United States penshoni yake imakwera chaka ndi chaka. Wokhala ku Australia, Canada, New Zealand, South Africa ndi mayiko ena ambiri a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, penshoni yake imaima pa mlingo umene anayambira kulandira kunjako. Anthu pafupifupi theka la miliyoni ndiwo akhudzidwa. Annette Carson, yemwe ankakhala ku South Africa, anatengera nkhaniyi kukhoti mpaka ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, koma mu 2010 analephera. Boma limati limakweza penshoni kokha kumene kuli pangano lolikakamiza, pomwe odandaula amati anasonkha mofanana ndi anzawo. Zotsatira zake n'zoti nkhalamba ya zaka 85 ku Perth ikhoza kumalandira ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mnzake wa msinkhu womwewo ku Bristol. Nawo a ku Spain ndi France amadalira mphamvu ya paundi. Kumapeto kwa 2008 paundi inagwa mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi yuro, ndipo ambiri anasiya kudya m'malesitilanti, ena n'kubwerera kwawo.

Chimene chimakanirira: m'kamwa

Chakudya chimasintha mwa njira ziwiri zosiyana. Chakudya cha tsiku ndi tsiku chimatsata msika: mafuta a olivi, nsomba ndi ndiwo zamasamba ku Spain, buledi wogula m'mawa uliwonse ku France, nyama yowotcha panja ku Australia ndi ku South Africa. Koma pali tizinthu tochepa timene anthu salola kutisiya, ndipo tiyi wothira mkaka ndiye woyamba.

Taonani zimene zimachitika m'khitchini ku America. Ku Britain magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo ketulo imatha kukoka mphamvu yofika mawati 3,000. Ku United States ndi mavoti 120, ketulo yake ndi ya mawati pafupifupi 1,500, motero madzi amatenga nthawi yowirikiza kawiri kuti awire. N'chifukwa chake nyumba zambiri kumeneko zilibe ketulo yamagetsi. Mlendo amayamba wadabwa, kenako amagula ketulo yoika pa chitofu kapena kungopirira yochedwayo, ndipo aliyense wobwera kudzamuona amatumidwa mapaketi a masamba a tiyi a kwawo. Ndi zomwezonso ndi Marmite, chokoleti cha Cadbury, tchizi cha cheddar ndi masoseji. Ku United States chokoleti cha Cadbury chimapangidwa ndi kampani ya Hershey ndipo ambiri amati sichikoma mofanana. Ku New Zealand dzina la Marmite ndi la kampani ina, ndiye wa ku Britain amagulitsidwa ndi dzina loti Our Mate. Kuyambira January 2021 munthu wochokera ku Britain saloledwa kulowa ndi nyama kapena zamkaka m'mayiko a European Union, choncho mwambo wodzaza sutikesi ndi masoseji unatha.

Zakudyazi zimakanirira chifukwa munthu amazidya m'nyumba mwake, popanda womukakamiza kusintha, ndiponso chifukwa zimamangirizika ku ubwana. Aliyense amene anatumizapo ufa, usipa kapena chambiko kwa wachibale wa ku Birmingham akudziwa kuti nkhaniyi si ya njala.

Ulemu, nthabwala ndi chilankhulo

Anthu a ku England makamaka amadziwika ndi kulankhula mozungulira, kupepesa pafupipafupi, kudzinyoza mwanthabwala ndi kulemekeza mzere. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Kate Fox anafotokoza zizolowezi zimenezi m'buku lake la 2004, Watching the English. Kunja zimamveka mosiyana. Ku Netherlands ndi ku Germany anthu amanena maganizo awo mosabisa, ndipo bwana amene wanena mozungulira kuti mwina lipoti likanaonedwanso amadabwa kupeza kuti palibe wasintha kanthu. Ku America munthu wodzichepetsa pofunsira ntchito amaoneka ngati wosadzidalira. Ku France kulowa m'sitolo osapereka moni ndi mwano, ngakhale utanena zikomo kangati.

Ngakhale mzere uli ndi malamulo ake. Pa msika kapena m'banki ku Spain anthu amaoneka ngati angomwazikana, koma wofika kumene amafunsa kuti womaliza ndani, wina amayankha, ndipo aliyense amasunga m'mutu munthu amene ali patsogolo pake. Mlendo wosadziwa zimenezi amaima mwaulemu kumbuyo, nthawi yake osafika, n'kumaganiza kuti eni dziko alibe mwambo.

Chilankhulo ndicho chimalekanitsa kwambiri osamuka. Chingerezi ndi mwayi waukulu chifukwa chimamveka pafupifupi paliponse, koma mwayi womwewo umachotsa chikakamizo chophunzira. M'matauni ena a m'chigawo cha Alicante ndi Málaga munthu akhoza kupeza dokotala, makaniko, loya, tchalitchi ndi nyuzipepala monga SUR in English, zonse m'Chingerezi. Wofika ali ndi zaka 65, wosagwira ntchito, sakhala ndi malo oti azilankhulira Chisipanishi tsiku lonse. Mwana wake kapena mdzukulu wolowa sukulu ya boma amachidziwa m'chaka chimodzi kapena ziwiri, mpaka kumamasulira makolo kuchipatala. M'mayiko olankhula Chingerezi ana amatenga kalankhulidwe ka anzawo msanga, pamene akuluakulu amatola mawu atsopano koma katchulidwe kawo kamasintha pang'ono chabe.

Zimene ofufuza amanena

Maganizo akale kwambiri ndi oti wosamuka amadutsa m'magawo odziwikiratu. Mu 1955 Sverre Lysgaard, atafufuza anthu a ku Norway ophunzira ku America, ananena kuti munthu amayamba ndi chisangalalo, kenako amagwa mphwayi, pomaliza n'kuzolowera. Kalervo Oberg mu 1960 anafalitsa ganizo lofanana nalo la kudzidzimuka ndi chikhalidwe chachilendo. Makampani ambiri amaphunzitsabe zimenezi kwa antchito opita kunja. Koma kafukufuku wa Colleen Ward ndi anzake m'zaka za m'ma 1990, wotsata anthu omwewo kwa miyezi ingapo, anapeza kuti mavuto amakhala aakulu pachiyambi penipeni n'kumachepa pang'onopang'ono. Lero ofufuza ambiri saona magawowo ngati lamulo.

John Berry wa ku Canada anabweretsa njira ina yoonera nkhaniyi. Iye anati pali mafunso awiri: kodi munthu akusunga chikhalidwe cha kwawo, ndipo kodi akuyanjana ndi eni dziko? Wochita zonse ziwiri ndiye kawirikawiri amakhala ndi mtendere wamumtima. Ena amataya za kwawo, ena amadzipatula, ena amasowa kogwira konse.

Pa anthu a ku Britain enieniwo pali mabuku atatu ofunika. Karen O'Reilly anakhala pakati pawo ku Fuengirola ndipo mu 2000 anatulutsa The British on the Costa del Sol. Anapeza anthu okonda Spain ndi mtima wonse, okonda kunyoza Britain yomwe anaisiya, koma omwe moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unali m'makalabu, m'mabala ndi m'magulu othandiza anzawo a Chingerezi. Michaela Benson, m'buku la 2011 lonena za chigawo cha Lot ku France, anapeza anthu ofunitsitsa kulowerera m'moyo wa kumudzi, omwe ankadzisiyanitsa ndi anzawo a ku Spain, koma ambiri ankavutikabe kupeza mabwenzi enieni achifalansa. A. James Hammerton ndi Alistair Thomson, m'buku la 2005 lonena za Ten Pound Poms, anaonetsa kuti kufanana kwa chilankhulo kunabisa mavuto. Aliyense ankayembekeza kuti anthuwa sadzavutika, choncho kupukwa kwawo, makamaka kwa amayi otsala pakhomo kutali ndi amayi awo ndi abale awo, kunkatengedwa ngati kudandaula kopanda pake.

Mkangano wa kudzipatula

Funso lotsutsanidwa kwambiri ndi loti kodi anthu a ku Britain amadzipatula dala. Owadzudzula amati ambiri amafuna dzuwa ndi mitengo yotsika popanda eni dziko, ndipo amadzitcha ma-expat pamene munthu wa ku Morocco kapena wa ku Malawi wochita zomwezo amatchedwa wobwera, n'kumafunsidwa kuti aphunzire chilankhulo. Amati kusiyanaku kumachokera ku mphamvu ya pasipoti, ya paundi ndi mbiri ya utsamunda. Amatchulanso kukwera mtengo kwa nyumba m'madera omwe alendo agula kwambiri.

Owaikira kumbuyo amati magulu odzipatulawo ndi amene amaoneka, pamene ambiri okhala m'mizinda ikuluikulu, okwatirana ndi eni dziko, sadziwika chifukwa analowerera. Amati alendowa anakonza nyumba zomwe zinkagwa m'midzi ya ku France imene achinyamata anaithawa, ndipo ena anasankhidwa kukhala makhansala. Amatchula bungwe la Cudeca losamalira odwala khansa, lomwe Joan Hunt analiyambitsa mu 1992 m'chigawo cha Málaga ndipo limathandiza anthu a mitundu yonse. Amakumbutsanso kuti kufunafuna anthu a kwanu ndi khalidwe la osamuka onse.

Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi. Chimene umboni ukusonyeza n'choti munthu amasintha molingana ndi kuchuluka kwa zinthu zimene ayenera kuchitira limodzi ndi eni dziko: ntchito, sukulu ya ana, ukwati, mpingo. Amene ndalama ndi Chingerezi zamumasula ku zonsezi amasintha pang'ono, kaya akhale zaka 20.

Kuno ku Malawi mbali zonse ziwirizi zinaonekapo. Amishoni a ku Scotland omwe anakhazikitsa Blantyre mu 1876 anaphunzira zilankhulo za kuno chifukwa ntchito yawo inkafuna zimenezo, pamene akuluakulu a boma la atsamunda ndi eni minda ankacheza okhaokha m'makalabu awo ku Blantyre ndi ku Zomba. Wobwera lero amapeza zina zofanana ndi kwawo, monga kuyendetsa galimoto kumanzere ndi Chingerezi m'maofesi. Chimene amayenera kuphunzira ndi kupereka moni asanatchule chomwe wadzera, ndi kudziwa kuti maliro a mnansi kapena a wantchito mnzake ndi akenso.

Ubale ndi kwawo, ndi zimene Brexit inasintha

M'zaka za m'ma 1950 ulendo wa ku Australia unkatenga mwezi ndi kupitirira, ndipo ambiri sanaonanenso ndi makolo awo. Lero agogo amaona adzukulu pa WhatsApp, ndipo munthu wa ku Brisbane amadzuka usiku kuonera mpira wa Premier League. Ofufuza sagwirizana ngati zimenezi zimathandiza kuzolowera kapena zimachedwetsa. Chodziwika n'choti foni singasamalire kholo lodwala, ndipo matenda a makolo ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zobwerera.

Pa ndale, kale munthu akakhala kunja zaka zoposa 15 ankataya ufulu wovota ku Britain, kotero ambiri sanavote nawo pa riferendamu ya 23 June 2016 yokhudza kutuluka mu European Union, imene inasintha moyo wawo. Malire amenewo anachotsedwa ndi lamulo la 2022, lomwe linayamba kugwira ntchito mu January 2024. Omwe anali atakhazikika kale ku Ulaya anatetezedwa ndi pangano lotulukira, koma m'mayiko ngati France anayenera kupempha zitupa zatsopano. Obwera kumene amafunika chiphaso ndi umboni wa ndalama. Omwe ankakhala theka la chaka ku Spain, theka ku Britain, tsopano saloledwa kupitirira masiku 90 pa masiku 180 alionse popanda chiphaso. Ku France anataya ufulu wovota ndi kuima pa zisankho za makhansala, pamene ku Spain pangano la mayiko awiriwa la 2019 linausunga. Ambiri anatenga unzika wa Germany, France kapena Ireland, chinthu chomwe poyamba sankachiganizira.

Ukalamba ndi kubwerera

Moyo wokoma wa zaka 60 umasintha pa zaka 80. M'zipatala za ku Spain achibale amayembekezeka kuthandiza wodwala pa zinthu monga kudya ndi kumukhalira usiku, zomwe kwa ife si zachilendo koma kwa nkhalamba yopanda mwana pafupi ndi vuto lalikulu. Mwamuna kapena mkazi akamwalira, makamaka ngati ndiye ankayendetsa galimoto kapena kulankhula chilankhulocho, wotsalayo amasowa pogwira. Matenda oiwalaiwala amathanso kufafaniza chilankhulo chophunzira ukulu.

Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma wobwerera sapeza kwawo momwe anakusiyira. Mwa a Ten Pound Poms, akuti pafupifupi mmodzi mwa anayi anabwerera ku Britain, ndipo ena mwa iwo anadzanyamukanso kupita ku Australia. Wobwerera lero amapeza kuti ndalama za nyumba ya ku Spain sizigula nyumba yofanana nayo ku England. Ayenera kutsimikizira kuti wabwereradi kudzakhala asanalandire thandizo lina la boma. Mwana wake, ngati banjalo linali kunja kwa Ulaya, akhoza kulipiritsidwa fizi ya alendo ku yunivesite chifukwa chosakhala m'dzikomo zaka zitatu zapitazo. Wokwatira mlendo ayenera kuonetsa malipiro okwanira kuti abwere naye: malire anali mapaundi 18,600 pachaka kuyambira 2012, ndipo anakwera kufika 29,000 mu April 2024. Lamulo limeneli limakhudzanso mabanja a mzika za Britain zokwatirana ndi Amalawi.

Chodziwika, chokayikitsa, ndi phunziro lake

Zina n'zosakayikitsa. Zizolowezi zolamulidwa ndi wotchi, nyengo ndi malamulo zimasintha m'miyezi yochepa. Za m'khitchini, nthabwala ndi katchulidwe ka mawu zimakhalitsa. Ana amasintha msanga kuposa makolo, ndipo ogwira ntchito pakati pa eni dziko amasintha kuposa opuma. Zokayikitsa ndi chiwerengero chenicheni cha osamukawo, popeza Britain silemba mzika zake zotuluka ndipo ena salembetsa kumene afika, komanso ngati kusamuka kumawonjezeradi chimwemwe, pakuti ofufuza amafunsa kwambiri otsala kunjako, osati amene zinawakanika n'kubwerera.

Kwa wowerenga amene akuganiza zosamuka, kaya kupita ku Britain, ku Johannesburg kapena kwina, nkhani ya anthuwa ili ndi phunziro lomveka. Iwo amanyamuka ndi pasipoti yamphamvu, ndalama yamphamvu ndi chilankhulo chomveka padziko lonse, koma zimene zimawagwetsa ndi mapepala osakonzedwa, penshoni yosawerengedwa bwino, matenda ndi kusowa abwenzi. Musananyamuke funsani za chiphaso, za chipatala ndi za ukalamba, ndipo mukafika phunzirani chilankhulo ndi moni wa eni dziko m'chaka choyamba, musanazolowere kukhala popanda iwo.